Fupa la Nambewe ndi Nkhuni Zonyowa

Senderani kuno, inu mwaima pakhomopo lowani mukhale, mawu anga safikanso patali masiku ano. Ine sukulu sindinaiponde, ndiye ndizinena, mtengwa wanga azilemba. Mwakhala mukundifunsa za ntchito imene ndinagwira ku chipatala cha mano ku Mitundu, ena mpaka mumati ndinali namwino. Ayi ndithu. Ndinali wotsuka zitsulo. Koma pali fupa limodzi limene ndinalitsuka ndi manja angawa, ndipo ndi limenelo ndikufuna mulimve.

Ntchitoyo ndinaipeza ndili ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Inali nthawi imene tinali titangovotera zipani zambiri, anzanga aliyense atamanga nsalu ya chipani chake, ine nditamanga yakuda, chifukwa bambo a ana anga anali atangotisiya. Ndinkatola nkhuni n'kumagulitsa m'makomo a pa Mitundu. Kuseri kwa msika kunali kachipatala ka mpingo wina, zipinda ziwiri ndi khonde, kozula ndi kumata mano basi. Kumeneko ankagula nkhuni zophikira zitsulo zawo.

Tsiku lina ndikutula mtolo ndinamva mwamuna akubangula m'katimo. Dokotala wa pamenepo, a Kachere, anasuzumira pakhomo thukuta lili chuchuchu.

"Amayi, magazi mumawaopa?"

"Ndabereka asanu ndi mmodzi, ndiope chiyani?"

"Sambani m'manja, mudzandigwirire mutu uwu."

Munthu amene ankawathandiza anali atapeza ntchito ina m'tauni. Ndinaupana mutu wa bambo uja pamimba panga, dzino linatuluka ndi mizu yake itatu, ine osaphethira. Mawa lake anandipatsa epuloni yoyera.

Mayina a Chingerezi a zitsulozo sindinawagwire, ndinkazidziwa ndi maonekedwe. Zopanira zozulira mano am'mwamba n'zowongoka, za mano am'munsi n'zopindika khosi ngati khasu. Panali kachitsulo kogwedezera dzino lisanazulidwe, kagalasi kokhala ndi mpini, jakisoni wachitsulo, sizasi, ndi singano yokhota ngati mbedza. Akamaliza munthu, ndinkazinyika zonse m'madzi a mankhwala oluma m'maso, kenaka n'kuzikwecha ndi burashi, makamaka m'molumikizira mmene magazi amabisala. Ndikazitsukuluza ndinkazikulunga m'nsalu, n'kumata kapepala ka mizere pamwamba, n'kuziika mu mphika wachitsulo wa chivundikiro chomanga. Mphikawo unkakhala pamoto kuseri. Ukayamba kulira fiii, ndinkayang'ana wotchi ya pakhoma imene a Kachere anaipaka madontho awiri ofiira, n'kudikira kuti muvi wautali uchoke pa dontho ili ufike pa linalo. Mizere ya pakapepala ikada, ndiye kuti zapsa.

A Kachere ankakonda kunena kuti, "Chitsulo chooneka choyera si choyera. Choyera ndi chimene chatuluka mu mphika."

Ntchito ina inali yobwezera anthu mano awo. Kwathu kuno munthu salola kuti chiwalo chake chitayidwe pamene aliyense angachitole. Ndiye dzino likazulidwa ndinkalitsuka, n'kulikulunga m'kapepala, mwini wake n'kumanga pa nsonga ya nsalu kapena kuponya m'thumba la malaya.

Kamodzi kokha ndinalankhula za mankhwala. Bambo wina magazi sankaleka, ndiye ndinamunong'oneza kuti akafika kwawo akaikepo phulusa la fodya monga tinkachitira kumudzi. A Kachere anamva. Anandikalipira anthu ali pomwepo pakhonde.

"A Nachisale, pano wonena za mankhwala ndine. Inu zanu ndi zitsulo. Mwamva?"

Ndinamva, ndipo zinandilowa kwambiri. Kuyambira tsiku limenelo ndinkagwira ntchito ndi manja, pakamwa nditatseka. Musaiwale mawu amenewa, chifukwa tiwapezanso kutsogoloku.

Tsono kunali mkazi wina, Nambewe, wa mudzi wa kuseri kwa Nathenje, kumene anatengedwa ukwati. Anali wamng'ono kwa ine, wa ana atatu. Kale ankagulitsa tomato m'mbali mwa msewu waukulu. Tsiku lina galimoto ya matola imene anakwera inagubuduka, nkhope yake n'kumenya chitsulo cha kumbuyo. Mano anayi akumbuyo am'mwamba a kumanzere anachoka, ndipo sanachoke okha, anatenga ndi fupa limene ankamerapo. Bala linapola, koma linasiya kabowo m'nkhama. Pamwamba pa mano akumbuyowo, m'kati mwa tsaya, muli mphako ya mpweya imene imalumikizana ndi mphuno. Kabowo ka Nambewe kankafika m'mphako imeneyo. Akamwa tiyi, tiyi ankatulukira m'mphuno. Ankatsekapo ndi thonje, ankadyera yekha kuseri kwa nyumba, ndipo tomato anasiya kugulitsa chifukwa anthu ankatembenuza nkhope akamva fungo.

A Kachere anamupangira mano oikirira apulasitiki, koma analibe pogwira. Ankagwa akangoyasamula. Iye mwini ndiye ankayamba kuseka, dzanja lili pakamwa.

"Adokotala, mano anuwa ndi amwano. Dzulo agwera mu ndiwo, amuna anga anati aaa, mkazanga, lero mwaphika ndi nyama yomwe?"

Dzinja limenelo kunabwera dokotala wamkazi wochokera kunja, kudzakhala milungu itatu. Tinamutcha kuti Timanja, chifukwa zala zake zinali ngati za mwana. Anabwera ndi bokosi la zitsulo zimene sindinazionepo. Ataona chithunzi cha mafupa chimene Nambewe anakajambulitsa m'tauni, analankhula nthawi yaitali ndi a Kachere, kenaka a Kachere anamufotokozera Nambewe ine ndili pomwepo ndikupukuta mpando.

"Munaonapo akumezanitsa mango? Amadula kanthambi uku n'kukamangirira pa mtengo wina. Nafenso tidula kafupa pachibwano panu, kukula ngati chikhadabo cha chala chachikulu, tikaike m'mwambamo pamene pagumuka. Tikakhomera ndi timisomali tiwiri topota, tikoke mnofu wa m'tsaya tiphimbe, tisoke. Kakagwira, bowo latsekeka. Pakatha miyezi fupalo lidzakhala limodzi ndi linzake, ndipo adokotalawa akadzabweranso chaka chamawa adzadzalamo tizitsulo togwira mano osagwanso."

"Nanga kakapanda kugwira?" anafunsa Nambewe.

"Chibwano sichipereka kawiri. Ndipo adokotalawa akupita. Mwayi ndi umodzi womwewu."

Nambewe anati, "Dulani. Ndatopa kudyera kuseri ngati galu."

Anamuchita opaleshoni m'mawa, ali maso, atamubaya jakisoni wodzanzitsa pakamwa ponse. Jenereta inkalira panja, kamakina kodulira kankalira m'kamwa, ine nditagwira mutu. Kafupa katatuluka, Timanja anakaika m'kambale ka madzi amchere, kali mbee. Anakasema m'mbali kuti kakwane, anakakhomera, anasoka. Dzuwa linafika pamutu tisanamalize. Nambewe sanalire. Misozi yokha inkatsika n'kunyowetsa zala zanga.

Madzulo ake anamupatsa malamulo. Timanja ankawerenga pa pepala limene anabwera nalo kwawo, a Kachere n'kumatanthauzira. Kwa milungu iwiri, osamina. Chimfine chikabwera, ingopukutani. Mukafuna kuyetsemula, yasamulani pakamwa. Osasuta fodya. Osamwa chakumwa ndi kapaipi. Osatafunira mbali imeneyo, phala lokhalokha. Osasambira m'madzi akuya. Osakwera ndege. Osaliza lipenga.

Nambewe, pakamwa pali potupa choncho, anayamba kugwedezeka ndi phwete.

"Auzeni asade nkhawa. Kwathu ndege ilipo imodzi yokha, ya lichero, ndipo apongozi anga sabwereketsa."

"Musaseke, mung'amba ulusi!" anatero a Kachere, koma nawonso ankaseka.

"Nanga lipengalo ndikalitenge kuti? Ndine msilikali ine?"

Pepalalo anamupatsa. Analipinda n'kulimanga pa nsalu, pakuti nayenso kuwerenga sankadziwa. Anagona kwanga masiku awiri kuti adokotala azimuona. Ndinkamuphikira phala losefa, iye n'kumanditchula kuti amayi. Tsiku lachitatu amuna ake anabwera ndi njinga kudzamutenga. A Kachere anandituma kuti ndimuperekeze pamsewu ndi kumubwerezera malamulo aja. Ndinamubwerezera onse, chala ndi chala, mpaka ndege ndi lipenga. Sindinachotsepo, sindinawonjezepo.

M'mawa mwake mvula inali itagwa, nkhuni zonse zili zonyowa. Ndinagwada pa mafuwa a mphika wa zitsulo uja, ndinakoka mpweya, n'kuyamba kupemerera moto. Ndinapemerera kamodzi, kawiri. Kachitatu ndinamva masaya anga atafufuma, mpweya ukukankha m'nkhama, m'makutu muli ng'wii. Ndinaima ndi mawondo pomwepo. Ndinati, kodi lipenga lija analetsa chifukwa chiyani? Si chifukwa cha masaya omwewa? Lipenga Nambewe alibe, koma moto ali nawo, m'mawa, masana ndi madzulo. Ndipo ndi dzinja.

Ndinapita mpaka pakhomo pa chipinda. A Kachere anali ataweramira m'kamwa mwa munthu, Timanja akuwaonetsa kanthu. Ndinaima pamenepo manja ali ndi mwaye. Mawu aja anabwera: inu zanu ndi zitsulo. Ndinadziuza kuti anthu ophunzira chotere sangaiwale chinthu chimene ine ndachiganiza, chikanakhala choopsa chikanakhala papepala. A Kachere anadzutsa mutu n'kufunsa kuti, "Zapsa?" Ndinati, "Sizinapse," n'kubwerera kumoto.

Mundimvetse bwino. Njira inalipo. Tsiku la msika anthu a njinga a ku Nathenje ankadzaza pa Mitundu, ndikanatha kutuma mawu ndi aliyense wa iwo. Tsiku la msika linafika, linadutsa. Timanja ananyamula bokosi lake n'kupita. Ine ndili chete.

Patatha masiku asanu ndi atatu chimuchitireni opaleshoni, anabwera naye Nambewe. Inali nthawi ya m'mawa, kukuwaza mvula. Amuna ake ankakankha njinga, matope ali m'mawondo, Nambewe atakhala pakaliyala atafunda nsalu mutu wonse. Atavundukula, ndinabwerera m'mbuyo. Tsaya lamanzere linali litatupa mpaka diso kutsekeka. Thupi linali lotentha. M'mphuno munkatuluka mafinya osakanizika ndi magazi, ndipo fungo lake linadzaza khonde lonse.

A Kachere anamukhazika pampando, anamuyasamulitsa pang'onopang'ono, anaunika ndi kagalasi. Ine ndinali kumutu, ndinkaona zonse. Ulusi unali utamasuka, mnofu utabwerera m'mbuyo, kafupa kaja kali poyera. Sikanalinso koyera. Kanali kotuwa ngati phulusa.

"Munamina?" anafunsa a Kachere.

"Iyayi, adokotala."

"Fodya?"

"Sindisuta ine. Zonse ndinasunga. Ndinkayetsemula nditayasamula mpaka ana ankandiseka. Phala lokhalokha. Pepala lanu ili."

Anamasula nsonga ya nsalu n'kuwaonetsa pepala lija, lili lopindidwa momwe analipindira.

"Tsono chinachitika n'chiyani?"

"Masiku awiri apongozi anandiphikira. Lachitatu anati mkazi wadulidwa pakamwa, sanadulidwe manja. Abambowa anali ku fodya. Ana afuna phala apite kusukulu, nkhuni zonyowa, moto ukungofuka. Ndinagwada ndinapemerera. Tsiku loyamba palibe kanthu. Lachiwiri ndikupemerera ndinamva kuti thu, m'kati umu, mphepo n'kutulukira m'mphuno. Ndinati mwina zipola zokha."

A Kachere anatseka maso. Amuna ake anafunsa ali pakhomo, chipewa chili m'manja, "Kodi moto unali pa malamulo, adokotala?"

"Sunalipo."

"Ndiye mkazangayu sanalakwe?"

"Sanalakwe."

Anandiuza kuti nditenge zitsulo za mu mphika. Jakisoni sagwira bwino pamalo a mafinya, ndiye anabaya kawiri, koma ululu sunathe wonse. Ndinaupana mutu wa Nambewe pamimba panga monga ndinachitira tsiku loyamba la ntchito. A Kachere anadula ulusi wotsala, anapotokola timisomali tija ndi kachitsulo kamene Timanja anawasiyira, kamodzi, kenaka kachiwiri. Kafupa kanatuluka kokha, kosakakamira n'komwe. Kanagwera m'kambale kuti ngwe. Anapala mnofu wovunda, anatsuka mphako ija ndi madzi amchere mpaka madziwo anayamba kutuluka oyera m'mphuno. Nambewe ulendo uno analira. Sankakuwa, ankabuula ngati munthu amene ali pa uchembere, zikhadabo zake zitalowa m'mkono wanga. Chipsera chake ndi ichi, chikuonekabe.

Bowo limene linatsala linali lalikulu kuposa loyamba.

Atamaliza, a Kachere anamupatsa mapiritsi n'kulemba kalata yoti apite naye ku chipatala chachikulu m'tauni, chifukwa kutupako kunali kutayandikira diso. Nambewe anagwira epuloni yanga. Mawu ake ankatulukira m'mphuno.

"Amayi, fupa langa lija mundipatse. Lisatayidwe."

Ndinapita nalo kuseri. Ndinalitsuka ndi burashi yomwe ija ya zitsulo, mabowo awiri a timisomali akuoneka, ndinalikulunga m'kapepala monga ndinkachitira ndi mano. Pomupatsa ndinagwada.

"Mwana wanga, za moto ine ndinaziganiza. Tsiku lomwe unachoka, mawa lake. Sindinanene."

Anandiyang'ana ndi diso limodzi lija. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo zikanandipepukira. Anangofunsa kuti, "Munaopa chiyani, amayi?"

Anamanga fupa lake pa nsonga ya nsalu, pamodzi ndi pepala la malamulo, amuna ake n'kumukweza panjinga kupita kokwerera galimoto.

A Kachere anamva zonse, anali kuseri kwa chitseko akusamba m'manja. Anthu atatha anandipeza ndikukwecha zitsulo. Ndinkaganiza kuti ntchito yandithera. Anakhala pa chitsa chimene ndinkawazirapo nkhuni, munthu amene sanakhalepo pansi kuseriko.

"A Nachisale, mabala otere nthawi zina amakana okha, ngakhale munthu asunge zonse. Sindinganene kuti ndi moto wokha."

"Anamva kuti thu, adokotala."

"Ndamva." Anayang'ana mafuwa aja. "Ine ndinakulira pa mafuwa ngati inu. Amayi anga ndinkawaona akupemerera tsiku ndi tsiku. Koma ndinaima apo n'kumatanthauzira za ndege ndi lipenga. Ndipo pakamwa panu ndinatseka ndine." Anaimirira n'kusasa thalauza. "Za phulusa la fodya musadzanenenso. Koma mukaona chinthu, nenani kwa ine. Ndikakukalipirani, nenaninso."

Ndinagwira ntchito pamenepo zaka zina zisanu ndi chimodzi. Fupa sitinaikenso munthu wina, koma mano akumbuyo am'mwamba tinkazula kawirikawiri, ndipo ena mizu yawo imafika m'mphako ija n'kusiya kabowo kofuna kusoka. Munthu wotere a Kachere akamaliza kumuuza zawo, ankamutumiza kwa ine pakhonde. Ine sindinkamuwerengera malamulo. Ndinkamufunsa kuti, mawa mukadzuka muyamba n'chiyani? Kenaka? Kenaka? Mpaka dzuwa kulowa. M'menemo ndimo munkatuluka zinthu zimene pepala silinkazidziwa. Uyu amapeta n'kumauzira mankhusu ndi pakamwa. Uyu amanunkhiza fodya wa m'mphuno, amene iye samuwerengera kuti ndi kusuta. Uyu amayamwa petulo ndi paipi pogulitsa m'mabotolo. Uyu ndi mnyamata wa wenzulo ku mpira. Ndipo mkazi aliyense ndinkamudulira chikatoni cha mabokosi a mankhwala, kukula ngati mbale, n'kumupatsa m'manja. Ndinkati, ichi n'chokupizira moto. Pakamwa mupapumitse milungu iwiri, ndipo apongozi akafunsa muwauze kuti adokotala alamula. Chimene ndinatengapo pa ntchito imeneyo n'chomwechi: lamulo la chipatala limakagwira ntchito kunyumba kwa munthu, ndipo amene akuidziwa nyumbayo asakhale chete, ngakhale akhale wotsuka zitsulo.

Timanja sanabwerenso chaka chotsatiracho, kapena china chilichonse. Analemba kalata imodzi kufunsa ngati fupa linagwira. A Kachere anayankha, ndipo anandiuza kuti analembamo za moto kuti akawonjeze pa pepala lake. Ngati anawonjeza sindikudziwa.

A Kachere anakalamba n'kubwerera kwawo, anamwalira komweko. Kachipatalako kanatsekedwa, pano m'zipinda zija akugulitsiramo feteleza.

Apongozi a Nambewe anakhala zaka zambiri, ndipo mpaka imfa yawo ankati m'kamwa mwa mtengwa wawo munaonongedwa ndi azungu.

Nambewe diso lake linapulumuka. M'tauni anamugoneka, kutupa kunaphwa, ndipo pambuyo pake anamusoka mnofu wokha kutseka bowolo, tiyi n'kusiya kutulukira m'mphuno. Koma fupa analibenso, tsaya linalowa m'kati, ndipo mano sanawaonenso. Pachibwano panatsala dzanzi. Amuna ake sanamusiye. Anabwerera ku tomato wake.

Ndinakumana naye kamodzi, patapita zaka, pa maliro a mbale wathu ku Nathenje. Ndinamupeza kuseri kumene amayi ankaphika, imvi zitayamba, atagwada pa mafuwa. Anandizindikira. Anandipatsa moni wonse bwinobwino, anafunsa za ana mmodzimmodzi. Za fupa sitinanene. Nkhuni zinali zaziwisi, utsi uli tolo, ndipo mtsikana wina anawerama kuti apemerere. Nambewe anamukankha paphewa.

"Choka apo iwe, pakamwa m'podyera."

Anatulutsa chikatoni chakuda ndi mwaye chimene anachipana m'chiuno, n'kuyamba kukupiza. Sindine ndinamupatsa chimenecho. Iye yekha ndi amene sindinamupatse.